Mluzu wa Tabo pa Chitunda cha ku Magodi

Aneba anga pa boma la Lundazi amati ndine wonyada. Ndikafika pakhomo ndi galimoto sinditsika msanga. Ndimakhala m'katimo injini ikulira, manja ali pachiwongolero, maso ali kutsogolo. Mayi wina wogulitsa tomato kuseri kwa mpanda wanga anauza anzake kuti ndimachitira dala, ati ndimafuna aliyense adziwe kuti wamasiye uja wafika pa matayala anayi. Asa! Kunyada kwake kuti, galimoto yoti chitseko cha kumanzere chimatsegukira kunja kokha? Ndimangowasiya alankhule, pakamwa ndi pawo. Ine m'menemo ndimakhala ndikudikira tabo kuti izizire.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Chipata ndili mtsikana, kudzaphunzitsa ku pulayimale, ndipo ndinakwatiwa ndi Mtumbuka wa ku Magodi. Amuna angawo ntchito yawo inali yogula mtedza m'midzi, umene kuno timati nshawa, n'kumakagulitsa pa boma. Anayamba ndi njinga, kenako ngolo yobwereka, mpaka anagula vaneti yakale ya dizilo, yoyera, yotsegula kumbuyo, imene ndili nayo mpaka lero. Munthu wake anali wouma pakamwa. Ine ndimalankhula ngakhale ndi nkhuku, koma iwo ukawafunsa kuti mwayenda bwanji, yankho linali lakuti bwino, basi nkhani yathera pomwepo. Zaka zoyambirira ndinkalira kuseri kwa chitseko, kuganiza kuti mwina sankandifuna.

Tsiku loyamba kundikweza mu vanetiyo, titafika pakhomo ndinagwira chitseko kuti nditsike. Iwo anandigwira mkono.

“Dikirani, aphunzitsi. Tabo ipume kaye.”

Anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kutulutsa kathumba ka nshawa zokazinga, nandithira zodzaza dzanja. Kenako munthu wosalankhula uja anayamba kulankhula. Anati pambali pa injini pali kachipangizo konga nkhono ziwiri zolumikizana. Utsi wotentha wochoka mu injini umazunguza kagudumu ka timapiko m'nkhono imodzi, ndipo kagudumuko kamazunguza kanzake m'nkhono inayo, kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti galimoto ipeze mphamvu pokwera zitunda. Kachitsulo kolumikiza timagudumu tiwirito kamazungulira mothamanga moti diso silingaone, ndipo kamayandama pa oyilo. Ukachokera kutali, tabo imafika itatentha ngati mbaula. Ukazimitsa injini nthawi yomweyo oyilo amasiya kuyenda, wotsalira m'katimo amapserera n'kusanduka makala, ndipo makalawo ndi amene amadya kachitsulo kaja pang'onopang'ono.

“Ndiye tidikira mpaka liti?” ndinafunsa.

“Mpaka nshawa za m'dzanja lanuzo zithe. Koma osameza ngati nkhuku.”

Wotchi yathu inali imeneyo, dzanja limodzi la nshawa. Ndipo ndinatulukira chinthu: amuna anga ankalankhula pokhapokha injini ikulira, atayang'ana kutsogolo, osati kumaso kwanga. Nkhani zonse zikuluzikulu za banja lathu tinakambira m'menemo. Dzina la mwana wathu wamkazi tinasankhira m'menemo. Tikayambana, pepani ankatulukira m'menemo. Ndinafika poti ndikakhala ndi nkhani yovuta ndinkawanamiza kuti ndikufuna kukagula mchere kumsika, n'cholinga chakuti pobwerera tikhale kaye m'galimoto. Akangopotoza kiyi, injini n'kuti zii, pakamwa pawo nawonso pankatsekeka.

Ndinawafunsapo kuti kodi tabo imakhala zaka zingati. Anati funso langa linali ngati lofunsa kuti nsapato imakhala zaka zingati, zimatengera phazi. Anandionetsa anyamata a maminibasi a ku Mwase, amene amafika pa siteshoni akuponda moto ngati akuthamangitsidwa, n'kuzimitsa injini pompo kuti akalimbirane okwera. Awo tabo yawo sinkaona madzinja ambiri. Ena ankasunga oyilo mpaka ade ngati phula, ati kupulumutsa ndalama. Iwo oyilo ankasintha nthawi yake isanakwane, ndipo m'mawa sankanyamuka injini isanafunde. Ankati tabo yosamalidwa imatha kukalamba limodzi ndi injini yake.

Komabe fumbi linawabera njira. Misewu yathu m'chilimwe mukuidziwa, mabampu okhaokha ndi fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano. Paipi ya mphira yochoka pa sefa ya mpweya inang'ambika kunsi, pamalo osaoneka, ndipo vaneti inayenda nyengo yonse yogula nshawa ikumwa fumbi. Pamene ankazindikira n'kumanga pong'ambikapo ndi lekeni, timapiko tija tinali titadyeka kale m'mphepete. Kuyambira pamenepo galimoto yathu inayamba kuimba mluzu. Pamalo osalala unali wapansipansi, koma pachitunda, ukaponda mafuta, unkakwera n'kumveka patali. Amuna anga sankaukonda. Ankati ndi matenda, adzasintha tabo akadzakolola bwino. Zokolola zinabwera n'kupita, mluzu uli pomwepo.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankaukonda, ndipo anali apongozi anga aamuna.

Kwawo kwa amuna anga, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayandikira apongozi ake aamuna. Sakhala nawo pamphasa imodzi, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo mwachindunji. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada. Ukafuna kuwauza kanthu umauza munthu wina, iyeyo n'kuwauza, ngakhale iwo ali pomwepo ndipo amva kale ndi makutu awo. Kwa ine, mkazi wapakamwa ngati ine, chinali chilango. Koma wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, ndinagwada zaka zonsezo mpaka maondo anachita zikang'a. Apongozi aakazi ali moyo ndiwo ankatinyamulira mawu. Atamwalira, ntchitoyo inagwera mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amene anabwerera kumudzi ukwati utatha.

Nthawi yomweyo maso a apongozi anachita ng'ala, mdima n'kuwatsekera. Makutu okha ndiwo anatsala akuthwa. Musanafike pamudzi pawo pali dambo, kenako chitunda chachitali cha miyala, ndipo pachitunda pamenepo mluzu wa vaneti unkamveka mudzi wonse. Magalimoto ena ankadutsa, a ogula fodya, a ogulitsa feteleza, iwo ali phee pampando wawo. Koma akangomva mluzu uja ankadzuka, kutenga ndodo, n'kuyenda okha mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene tinkaimika galimoto. Ankaika dzanja pa boneti yofunda, ndipo bambo ndi mwana wake ankacheza kudzera pawindo, tabo ikuzizira. Ine ndinkatsika mwakachetechete mbali inayo n'kuthawira kukhitchini.

Amuna anga anagwa m'munda mwa mlimi wina akuyeza matumba a nshawa. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, mankhwala ankamwa akakumbukira. Pofika nawo kuchipatala anali atasiya kulankhula, ndipo sanalankhulenso. Tinawaika ku Magodi. Patapita nthawi akubanja anandisudzula monga mwa mwambo, kunena kuti tsopano ndine mfulu, ndikhoza kubwerera kwathu kapena kukwatiwanso. Sanandilande kanthu, ndisawanamizire. Vaneti anandisiyira, popeza ndi ine ndekha amene ndinkadziwa kuyendetsa, malemuwo anandiphunzitsa. Anthu anawomba m'manja kuti mwambo wayenda bwino. Ine ndinamva ngati anditulutsa m'nyumba mwaulemu n'kutseka chitseko.

Ufulu umenewo ndinauona bwino nditabwerera pa boma. Mwana wanga anali atapita kale ku Lusaka kukagwira ntchito. Ku Chipata makolo anga onse anagona kalekale, nyumba yawo mukukhala alendi. Anzanga a kutchalitchi anabwera masabata oyambirira, kenako aliyense anabwerera ku mavuto ake, ndipo sindiwaimba mlandu. Chimene chinkandipweteka n'chakuti anthu anasiya kuwatchula amuna anga. Ndikayamba nkhani yawo ankatsitsa mawu, kuyang'ana pansi, n'kunena kuti Mulungu ndiye adziwa. Ine sindinkafuna kutonthozedwa, ndinkafuna munthu woti tiseke naye za mkonono wawo. Ndikafika pakhomo madzulo ndinkakhala m'galimoto ndi nshawa zanga m'dzanja, mpando wa kumanzere uli wopanda munthu, ndipo nthawi zambiri nshawazo ndinkazibwezera m'kathumba.

Mvula itatha ndinaganiza zokasiya shuga ndi sopo kumudzi. Palibe anandiitana, ndipo mwa mwambo ndinalibenso chifukwa chopitira. Ndinawoloka dambo, kuika giya yachiwiri, ndipo vaneti inayamba nyimbo yake pachitunda. Za mluzuwo sindinaganizeko n'komwe mpaka nditaima pansi pa mango n'kuona apongozi akubwera ndi ndodo yawo. Mayo ine! Kutsika sindikanatha, chifukwa tabo inali yotentha ndipo panalibe wina woti azimitse injini pambuyo pake. Kukhala pampando apongozi ataimirira pamphuno panga chinali chipongwe chosaneneka. Ndinangowerama, kuyang'ana chiwongolero, thukuta lili kamukamu.

Anaika dzanja pa boneti. Ankadziwa bwino lomwe kuti mwana wawo ali kumanda, mutu wawo unali wolongosoka kuposa wanga. Kenako analankhula, osati kwa ine, koma kwa galimoto.

“Monire, msepuka.”

Msepuka ndiye kuti mnyamata, ndi mmene ankaitanira mwana wawo. Zotsalazo ananena m'Chitumbuka, ndiziika m'chinenero chathu.

“Wayenda bwanji? Msewu wakusiya wamoyo?”

Injini inangopitiriza kulira. Ndinazindikira kuti akudikira yankho, ndipo panalibe wina woyankha. Ndiye ndinauza chiwongolero.

“Uwauze adada kuti msewu ndi woipa. Pa dambo paja madzi akumba mbali imodzi.”

“Uwauze adalaivala ako kuti chaka chilichonse amakumba pomwepo. Azidutsira kumanja, kumene kuli miyala.”

Basi, zinayamba choncho. Palibe mwambo umene tinaswa. Iwo ankalankhula ndi galimoto ya mwana wawo, ine ndinkalankhula ndi galimoto ya amuna anga, ndipo ngati wina ankamva mawu a mnzake, limenelo linali vuto la makutu. Ndikapotoza kiyi iwo ankabwerera kumpando wawo, ine n'kutsika, kukagwada patali, ndipo mlamu ankanyamula moni wathu ngati kuti sitinaonane.

Ndinayamba kupita mwezi uliwonse ndikalandira. Kudzera mwa vaneti ndinamva kuti amuna anga ali mwana ankaopa abakha, ndiponso kuti tsiku lina anagulitsa mazira a mayi awo n'kunamizira njoka. Ine ndinauza vaneti za mkonono uja, kuti aneba ankaganiza kuti tili ndi chigayo m'nyumba, ndipo apongozi anaseka mpaka kutsokomola, akumenya boneti ndi chikhatho. Tsiku lina anafunsa galimoto ngati mwana wawo anavutika pomwalira. Ndinaiuza zoona, kuti ayi, anangokhala ngati wagona. Anasisita boneti nthawi yaitali. Padziko lonse lapansi anatsala munthu mmodzi yekhayo wotchula amuna anga mosatsitsa mawu, ndipo njira yanga yofikira kwa iye inali mluzu wa tabo yodwala.

Dzanja la nshawa linasanduka manja awiri, kenako kathumba konse. Mlamu, amene pakamwa pake sipasiyana kwenikweni ndi panga, ankadutsa ndi ndowa pamutu n'kunena kuti, “Alamu, tabo yanuyi ikuchedwa kuzizira bwanji masiku ano? Kapena yasanduka mbatata yootcha?” Koma sanauze munthu, ndipo ana akayandikira ankawathamangitsa.

Zinayenda choncho madzinja angapo. Ndinkaisamala vaneti kuposa mmene ndinkadzisamalira ndekha: oyilo pa nthawi yake, sefa ya mpweya kuigugudira fumbi ulendo uliwonse, paipi yong'ambika ija ndinaika yatsopano. Koma chodyeka ndi chodyeka. Mluzu unayamba kusintha, kuchoka pa kuimba kufika pa kulira, ngati ambulansi ili kutali. M'mawa ku ekisozi kunkatuluka utsi wabuluu. Oyilo anayamba kuchepa popanda dontho pansi, ndipo zitunda zimene kale inkakwera ikuseka tsopano inkakwera ikubuula.

Ndinapita nayo kwa makanika wina wa kuseri kwa msika, mnyamata wa amuna anga wakale amene tsopano ali ndi mimba yake ndi galaja yake. Anamasula paipi, kulowetsa chala, n'kugwedeza kachitsulo ka pakati. Kankagwedera ngati dzino la nkhalamba.

“Amai, iyi yasila, yafa. Mabering'i yadyeka, oyilo ingena mu injini. Tifunika kuika inangu.”

“Zimenezo ndikuzidziwa, usandiphunzitse. Ndifuna undiuze chinthu chimodzi. Yatsopanoyo idzaimba mluzu ngati uwu?”

Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anaseka mpaka kukhala pa tayala.

“Anthu amabwela kuno kuti niwachotsele chongo cha mluzu, imwe mufuna nichisunge? Tabo yabwino siimba, amai. Ipuma chabe.”

Anandichenjeza kuti kapiko kakathyoka kadzalowa mu injini n'kuwononga zonse, kapena injini idzayamba kumwa oyilo wake womwe n'kuthamanga yokha, ngakhale utachotsa kiyi. Ndinamuuza kuti amange paipi yanga mmene anaipezera. Pochoka anandikuwira kuti pakadafunda padajiwitsa galu, ine n'kumuyankha kuti galuyo si wake.

Mwana wanga anaimba foni sabata yomweyo, makanika uja atamuuza. Anati ndigulitse chigalimotocho chisanandiphere kuthengo, ndipite ku Lusaka ndikakhale naye, chipinda chilipo. Anandifunsa kuti ku Magodi ndimakatani mwezi ndi mwezi, poti anandisudzula kale. Ndikanamuuza chiyani, kuti amayi ako aphunzitsi amakacheza ndi agogo ako kudzera m'boneti? Ndinangoti netiweki ikuvuta.

Ndinapitiriza kuyenda ndi chigubu cha oyilo kuseri kwa mpando, kuponda mafuta mwaulemu ngati ndikuponda mazira. Sindikudandaula ayi, nditapatsidwanso mwayi ndingachite chimodzimodzi. Miyezi imeneyo apongozi anauza vaneti nkhani zambiri, ndipo tsiku lina anaifunsa kuti bwanji ikulira chonchi, kodi ikudwala? Ndinaiuza kuti iwayankhe kuti ndi chimfine.

Inafera pachitunda chomwecho, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditafika pakati, mluzu uli pamwamba penipeni, kenako ndinamva kuti khwa! Mluzu unaduka. Mphamvu zonse zinathawa, ndipo utsi woyera unakuta galimoto moti sindinkaona ndi boneti yomwe. Ndinapotoza kiyi msangamsanga, ndipo mwa chisomo injini inamvera. Aka kanali koyamba kuizimitsa ili yotentha chitengereni chiwongolero. Utsi utabalalika ndinayang'ana kumtunda. Pansi pa mango panali kamunthu kataimirira ndi ndodo. Anali atamva chiyambi cha mluzu n'kudzuka, ndipo anali chiimire kudikira kuti ufike.

Ndinamaliza chitundacho wapansi. Ndinagwada patali monga mwa masiku onse, ndipo mlamu anawafotokozera zimene zachitika. Anati, “Uwauze kuti phepani,” n'kubwerera kumpando wawo. Ndinali ndi mawu odzaza chifuwa, koma panalibe pomwe ndikanawaika. Vaneti anaikoka ndi ng'ombe mpaka kumsewu waukulu, ndipo lole ya fodya inaifikitsa pa boma.

Injini inapulumuka. Makanika atatsegula tabo anandiitana kuti ndidzaone. Timapiko tinali ngati masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi, kamodzi katathyokeratu n'kukakamira m'paipi. Koma m'kati, mmene mumayenda oyilo, munali moyera, mopanda khala ndi limodzi lomwe.

“Iyi siinafe na moto, yafa na fumbi,” anatero. “Mdala uja anali kuisunga, na imwe mwaisunga. Yankhala maningi, zaka zambiri.”

Ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kupita nayo kunyumba. Ili pawindo la kuchipinda mpaka lero, ndipo alendo amaganiza kuti ndi pampu ya madzi.

Tabo ina anaitanitsa ku Lusaka. Yoyamba inabwera yosakwana, inabwezedwa, ndipo pamene yoyenera inkafika mvula inali itayamba, dambo la ku Magodi litadzaza. Dzinja limenelo linali lalitali kuposa la maliro. Kusukulu ndinkayenda wapansi, ndipo ndikafika pakhomo panalibe poti ndikhale kaye, ndinkangolowa m'nyumba mwachindunji n'kukumana ndi zii. Ndinkayatsa wailesi, kuizimitsa, kuiyatsanso. Mlamu ankaimba foni mwa apo ndi apo kunena kuti onse ali bwino, adada akudya, koma akungokhala pampando. Pa foni sindikanapempha kulankhula nawo, zimenezo ndiye zikanakhala zamisala.

Madzi ataphwa ndinanyamuka. Vaneti inali ngati yabwerera ku utsikana, utsi kulibe, mphamvu zili tho. Chitunda chija inakwera pa giya yachitatu osabuula, ndipo pansi pa boneti pankangomveka kampweya kofewa. Makanika sananame, tabo yabwino siimba.

Ndinaima pansi pa mango. Apongozi anali pampando wawo, nkhope atalozetsa kumsewu, kumene ine ndinali nditachokera kale. Kulira kwa injini anakumva, koma nyengo imeneyo ogula nshawa amaima pamtengo womwewo tsiku ndi tsiku. Sanadzuke. Ndinathira nshawa m'dzanja n'kuyamba kudya imodziimodzi, ndikuwayang'ana pagalasi. Kuwaitana sindikanatha. Kuliza hutala kwa apongozi, ndani anamvapo zotero? Nshawa zinatha, ndinathiranso zina, nazonso zinatha. Mlamu anachokera kumunda n'kuwauza kuti akamwana afika.

“Yayi,” anatero. “Imeneyo si ya mwana wanga.”

“Ndi yomweyo, adada. Aikonza.”

“Ngati aikonza, zili bwino. Uwapatse moni.”

Sanasunthe pampando. Ndinazimitsa injini, kukagwada, kupereka shuga ndi sopo kwa mlamu, ndipo moni unayenda njira yake yakale. Pobwerera ndinatukwana aliyense: makanika, fumbi, mwambo wa Atumbuka, ndi amuna anga amene anafa osasintha tabo nthawi yake kuti bambo awo asazolowere mluzu. Pa dambo ndinaima n'kulira mokweza ngati mwana, ng'ombe zikundiyang'ana.

Kwathu mkazi saimba mluzu. Mayi anga akanandimva, khofi likanafika nyimbo isanathe. Koma mwezi wotsatira wonse, ndikaweruka, ndinkatseka zitseko ndi mawindo n'kuika zala ziwiri m'kamwa monga amachitira oyendetsa ngolo. Masiku oyambirira kunkatuluka malovu okha. Kenako kunatuluka kamawu ngati ka khoswe. Ndili ndi mpata pakati pa mano a kutsogolo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga unandigwirira ntchito. Mluzu wa vaneti ndinkaudziwa pamtima, poyambira pake pansi, mmene unkakwerera, ndi pamene unkanjenjemera galimoto ikafika pa miyala. Mayi wa tomato uja anafalitsa kuti wamasiye wayamba kuweta mbalame m'nyumba.

Nditalandira ndinanyamukanso. Nditawoloka dambo ndinatsitsa galasi, kuika giya yachiwiri kuti ndikwere pang'onopang'ono, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo m'kamwa. Milomo inali itauma ndi fumbi, ndipo poyamba sikunatuluke kanthu. Ndinanyambita n'kuyesanso. Pofika pakati pa chitunda unagwira. Pa mjigo panali azimayi akutunga madzi, ndipo onse anasiya kupopa, wina anagwira pakamwa, wina anaitana mnzake kuti adzaone mayi waimvi, wa chitenje chake chabwinobwino, akuimba mluzu ngati m'busa wa ng'ombe. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa, koma sindinasiye. Ndinaimba mpaka mpweya unandithera pansi pa mango.

Sindinayang'ane kumpando. Ndinawerama, maso pachiwongolero, chifuwa chikupita m'mwamba ndi pansi. Injini inkalira yokha. Kenako ndinamva ndodo ikugogoda pansi, go, go, go, kuyandikira, mpaka inakhudza tayala. Dzanja linatera pa boneti.

“Monire, msepuka.”

Anagogoda boneti ndi chikhatho n'kupitiriza.

“Wachira, ndikumva. Koma mawu ako asintha. Ukumveka ngati munthu wa mpata m'mano.”

Ndinaseka ndi misozi yomwe, mamina ali chuchuchu, ndikudzipukuta ndi chitenje. Iwo anasisita boneti, napeza pamene panaphwanyika kalekale amuna anga atagunda chitsa, nasiya chala pamenepo.

“Uwauze adalaivala ako kuti mwezi wamawa ayambire pa dambo penipeni. Makutu angawa akalamba, ndipo ndamvetsera msewu uwu dzinja lonse.”

Ndinauza chiwongolero kuti chiwauze adada kuti ndamva. Injini sindinazimitse mpaka mlamu anabwera kudzafunsa ngati masiku ano dizilo tikutunga pa mjigo.